Zimene Wailesi Siinena: Kuonera Masewera Uli Pabwalo

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO, PAMVEKE PHOKOSO LA ANTHU PABWALO)

WOULUTSA: Inu amene muli kudimba, kawailesi kali lende panthambi, inu amayi a pamsika, ndi inu a kabaza amene mwaima pamthunzi kudikira wokwera, sendezani makutu kuno. Lero ndabwera ndi nkhani yodzionongera ndekha msika. Ine ndimadya chifukwa inu mumatsegula wailesi, koma ndikufuna ndikunyengerereni kuti tsiku lina muitseke wailesiyo, muvale nsapato, mukaonere masewera ndi maso anuanu. Abwana akamva, mukandipepesereko.

Funso lathu ndi ili: ndi masewera ati amene amakoma ukamaonera uli pomwepo, fumbi likukulowa m'mphuno? Si onse ayi. Mpikisano wothamanga mtunda wautali, ukaima m'mbali mwa msewu, othamangawo amangokudutsa kamodzi, fyuu, basi zako zatha, bwerera kwanu. Amenewo amafuna kanema. Koma alipo masewera ena amene kanema ndi wailesi zimakupatsani msuzi wokha, nyama n'kutsala mumphika. Tiyambe ndi mpira wamiyendo, poti ndi umene unandigwira ndili mwana.

Tsiku langa loyamba kulowa mu Kamuzu Stadium ku Blantyre ndinali Sitandade 5, ndipo anandigwira dzanja ndi amalume. Tinatsika minibasi pa Chichiri n'kulowa mumtsinje wa anthu. Ndikuti mtsinje chifukwa sumasankha kolowera, umangotengedwa. M'mbali monse ziwaya zikuthetheka, anyamata a mtedza ndi nzimbe akuitanira, wina akugulitsa zidutswa za makatoni. Ine n'kudabwa kuti katoni yong'ambika ili ndi msika wanji. Ndinadziwa titakhala pansi: simenti ya masana imaotcha ngati chiwaya chomwecho. Tinakwera masitepe, ine ndikuona misana ya anthu yokhayokha, kenaka mwadzidzidzi misana ija inatha, bwalo lonse lili mbee pansi panga, lobiriwira, lalikulu kuposa mmene mutu wanga unalijambulira pomvera wailesi. Nthawi imeneyo unali udzu weniweni, asanayale kapeti. Tinakhala kumene anthu amati ku Biafra, kopanda denga, kumene dzuwa ndi mvula zimakupeza osaodira.

Kutsogolo kwathu kunakhala agogo ena, chipewa chakutha, kawailesi kali pakhutu. Mpira akuuona, koma akumveranso. Ndinakoka malaya a amalume.

"Amalume, agogowa bwanji akumvera pawailesi zinthu zoti akuziona okha?"

"Mphwanga," anatero amalume osachotsa maso pabwalo, "wailesiyo ikuwauza dzina la amene ali ndi mpira. Maso akuwauza zimene akuchita enawo. Iweyo siya kuthamangitsa mpira ngati kagalu. Sankha munthu mmodzi, umuyang'ane."

Mawu amenewo ndi amene ndabwera nawo lero, ndipo tiyeni tiwayese ndi masamu a ku pulayimale. Masewera ndi mphindi 90. Osewera ndi 22. Mpira ndi umodzi. Mukagawa mofanana, aliyense apeza mphindi 4 zokha. Chotsanipo nthawi imene mpira uli kunja, uli m'malere, kapena wina wagona pansi akubuula, mupeza kuti ngakhale mphindi 4 zomwezo sizikwana. Ndiye kuti wosewera amatha pafupifupi masewera onse mpira alibe. Nanga nthawi yonseyo amatani? Wailesi singakuuzeni, pakuti woulutsa, ngakhale akhale katswiri ngati Steve Liwewe Banda, ali ndi pakamwa pamodzi, ndipo pakamwapo pamatsata mpira. Kamera nayonso imatsata mpira. Munthu yekhayo amene ali ndi ufulu woyang'ana kumene afuna ndi uja walipira pachipata.

Tsono mukakhala pabwalo, yesani izi. Mpira ukakhala kutali, yang'anani otseka kumbuyo a timu imene ikuukira. Muona anthu anayi akuyenda ngati amangidwa chingwe chimodzi m'chiuno: mpira ukapita kutsogolo onse akwera, ukabwerera onse atsika, mmodzi akatsalira anzake amukalipira. Mvetserani goloboyi. Pakanema amaoneka ngati munthu wosowa chochita, koma pabwalo ndiye wolongolola kuposa onse, pakuti ndi yekhayo amene bwalo lonse lili kumaso kwake. Yang'anani womwetsa zigoli pamene mpira uli kwa anzake. Athamangira kumanzere pomwe sakuufuna mpirawo, cholinga akoke womulondera, pakati patseguke, mnzake alowepo. Chigoli chikalowa, dzina limene timve pawailesi ndi la womenya. Uja anatsegula njira ndi miyendo yake salembedwa paliponse, amangodziwika kwa amene analipo.

Ndiye pali nkhani ya ofusayidi, imene yaswetsa maubale ambiri. Lamulo limayang'ana pamene wolandira anali pa nthawi imene mpira ukuchoka paphazi la mnzake, osati pamene waulandirira. Munthu wothamanga akhoza kulandira mpira ali yekhayekha kuseri kwa otseka onse, koma n'kukhala kuti sanalakwe, chifukwa pomwe mpira umamenyedwa anali asanawadutse. N'chifukwa chake wambendera uja sakhazikika: ntchito yake ndi kukhala moyang'anizana ndi wotseka wachiwiri kuchokera kugolo, kuwerengera ndi goloboyi yemwe, diso limodzi pamzerewo, khutu kukumva kugunda kwa mpira. Tsono inu mwakhala kuseri kwa golo, kumene mzere umenewu suoneka n'komwe, koma ndinu oyamba kutukwana mayi ake a munthu. Pepani, pamenepo mulibe umboni. Mukafuna kutsutsa wambendera, khalani m'mbali, chapakati, mokwerako pang'ono. Kuseri kwa golo n'kwabwino poona zina: mmene mpira umakhotera m'malere, ndi mantha a goloboyi pa penate. Golo ija ndi mamita 7.32 m'lifupi, 2.44 kutalika, ndipo womenya amaima pa mamita 11 okha. Pakanema mumati goloboyi akanagwira. Mukaima kuseri kwake mumayamba kumumvera chisoni.

Kanthu kena kakang'ono. Palibe ofusayidi pa mpira woponya ndi manja, pa kona, ngakhale pa mpira woyambira kugolo. Ndipo woyimbira akaimika dzanja m'mwamba osalitsitsa, akukuuzani kuti mpira umenewo sungalowe mwachindunji, uyenera kukhudza munthu wina kaye. Ndinaonapo bwalo lonse likuvina chigoli chimene woyimbira anali atachikana kale ndi dzanja lake lili chiimire. Anthu anamunena kuti wadya. Sanadye kanthu munthu uja, amangotsata buku.

(PHOKOSO LA NG'OMA NDI MAVUVUZELA, MWACHIDULE)

WOULUTSA: Phokoso mwamvalo ndi theka lina la nkhaniyi. Pabwalo simupita kukaona kokha, mumapita kukakhala mbali ya chinthucho. Ndipo kuno kwathu palibe tsiku limene zimenezi zimaoneka bwino kuposa pamene Bullets ikumana ndi Wanderers. Mzinda wa Blantyre umadzuka utagawanika: ofiira uku, abuluu uku, Maule ndi Manoma. M'nyumba imodzi bambo ndi mwana sadyera mbale imodzi tsiku limenelo. Matimu awiriwa asintha maina kangapo potsata owathandiza ndi ndalama. Achikulire amakumbukira Bata Bullets ndi Yamaha Wanderers, ena Limbe Leaf Wanderers, ena Bakili Bullets imene mu 2004 inafika m'ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Maina amabwera n'kupita, koma mtundu wa malaya susintha, ndipo sapota amabadwa nawo. Ku Lilongwe, Silver Strikers ikalandira limodzi la matimu awiriwa, nakonso kumakhala kosapumira.

Pamasewera otere mpira weniweni nthawi zina umakhala wosakoma, ndinene zoona. Osewera amaopa kulakwitsa, mpira umangouluka. Koma pali chinthu chimene sindinachimvepo pawailesi iliyonse: kachetechete wa anthu zikwizikwi pamene penate ili pafupi kumenyedwa. Wogulitsa mtedza amaima. Ng'oma imaleka. Umamva mpaka kulira kwa mwana mbali ina ya bwalo. Kenaka theka la bwalo liphulika, theka lina likhala ngati lathiridwa madzi ozizira.

Ndikukumbutseni za pa 14 June 2008. Flames inalandira Egypt pa Kamuzu Stadium. Egypt imeneyo inali itangotenga kumene chikho cha Africa kachiwiri motsatizana, ndipo Kinnah Phiri anali atangoyamba kumene ntchito yophunzitsa timu yathu. Nthawi inkatha zigoli palibe. Kwa ambiri, kufanana mphamvu ndi akatswiri a Africa kunali kokwanira, ndipo pafupi nane bambo wina ananyamuka, akuti akapeze malo m'minibasi anthu asanachuluke. Anatsanzika mwaulemu ndithu. Asanafike n'kuchipata komwe, Chiukepo Msowoya, amene analowa kuchokera pabenchi, anaugwedeza ukonde. Zimene zinachitika pamenepo sindingazifotokoze bwino. Ndinakumbatiridwa ndi munthu amene sindinamuonepo chibadwire, nsapato yanga imodzi inapezeka masitepe atatu kumunsi. Bambo uja anabwerera akuthamanga, akufunsa aliyense kuti, "Wagoletsa ndani? Chalowa bwanji?" Analipira pachipata ngati ife, anapsa ndi dzuwa ngati ife, koma chigolicho anachimva ngati munthu amene anali ku Nsanje. Paja akulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala.

Chaka chotsatira, mu October 2009, pabwalo lomwelo panabwera Ivory Coast. Jacob Ngwira anagoletsa, bwalo linagwedezeka. Kenaka Didier Drogba, amene anayambira panja, anavula jekete n'kulowa, ndipo posakhalitsa anabweza. Zinatha 1-1. Amene analipo sakamba kwambiri za chigolicho. Amakamba za thupi la munthuyo, mmene ankamutchingira mnzake ndi msana ngati chitseko. Tinali titamuona kambirimbiri pakanema atavala malaya a Chelsea, koma kanema amachepetsa anthu. Flames imeneyo ndi imene inapita ku Angola mu January 2010 n'kukathira Algeria 3-0.

(NYIMBO YAPAKATI, THEKA LA MPHINDI)

WOULUTSA: Mwatsegula mochedwa? Tikukamba za kuonera masewera uli pabwalo. Tsopano abambo ena akwiya nane, koma ndinena. Mutandifunsa masewera amene amapindulitsa kwambiri munthu woonera pafupi, sindinena mpira wamiyendo. Ndinena ntchemberembaye, mpira wamanja.

Chifukwa chake n'chapafupi. Bwalo lake ndi laling'ono, mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, ndiye paliponse pamene mwakhala muli pafupi. Pa Blantyre Youth Centre umatha kumva kupuma kwa osewera, kukhwekhwereza kwa nsapato pasimenti, ndi mawu amene wotchinga akunong'oneza womwetsa kuti amusokoneze mutu. Ndipo masewerawa saima. Wosewera saloledwa kukhala ndi mpira kupitirira masekondi 3, saloledwa kuyenda nawo, ndiye mpira ukafika m'manja ayenera kukhala atadziwa kale kumene upite. Tawerengani nokha: imodzi, ziwiri, zitatu. Nthawi yonse ndi imeneyo.

Kwa amene simunaonerepo, timu imakhala ndi osewera 7, aliyense ali ndi zilembo pachifuwa zosonyeza malo ake ndi malire ake. Bwalo limagawidwa patatu. Awiri okha, GS ndi GA, ndi amene amaloledwa kuponya m'golo, ndipo ayenera kukhala mkati mwa kabwalo kozungulira kaja. Wapakati, wa chilembo C, amayenda zigawo zonse zitatu koma m'kabwalomo salowa. Wotchinga ayenera kutalikira masentimita 90 kuchoka kwa amene ali ndi mpira asanakweze manja. Goloyo ili pamwamba mamita 3.05, ndipo ilibe thabwa kumbuyo loti mpira ugundeko ngati ya basiketibo. Ukaphonya waphonya. Amasewera zigawo zinayi za mphindi 15.

Chinsinsi chimene chimakometsa masewerawa ndi ichi: chigoli chikalowa, matimu amayamba mpira pakati mosinthanasinthana, posatengera amene wagoletsa. Ndiye ngati aliyense agoletsa pa mpira wake, zigoli zimangoyenda limodzi, 20-20, 21-21. Masewera amathyoka pamene wotchinga wadumpha n'kulanda mpira wa eni ake. Apo ndiye pamalira nthungululu. Munthu wosadziwa amayang'ana oponya m'golo. Wodziwa amayang'ana otchinga, mmene amanamizira kuti atsalira, kumusiya mdani aoneke ngati ali yekha, mpira ukangoponyedwa iwo ali kale m'malere. Towera Vinkhumbo anadziwika ndi ntchito imeneyi. Kamera kawirikawiri imamupeza munthu wotere atagwira kale mpira. Msampha umene anautchera masekondi awiri m'mbuyomo umaonedwa ndi amene ali pabwalo.

Ndiponso tisaiwale kuti pa masewera a timu, amene atiyika pamapu kwambiri ndi amayiwa. Ma Queens anathera pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse mu 2007 ku Auckland, masiku a Mary Waya. Mu 2015 ku Sydney, Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wonsewo. Mu 2016 ma Queens anatenga malo achitatu pa Fast5 ku Melbourne. Ndipo mu 2018, pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast, anagonjetsa New Zealand 57-53, dziko limene ntchemberembaye ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Anthu amenewa sanagwe kumwamba. Anakulira pa mabwalo a simenti ndi a fumbi omwewa, m'matimu ngati Diamonds, Tigresses ndi Blue Eagles Sisters, nthawi zambiri akuoneredwa ndi anthu oti mutha kuwawerenga ndi zala. Ku Lilongwe tsopano kuli bwalo la m'nyumba lotchedwa dzina la malemu Griffin Saenda, amene anaphunzitsa ma Queens zaka zambiri. Mipando ilipo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi anthu okhalapo.

Za nkhonya ndingodutsamo. Amene anakhalapo pafupi ndi zingwe amadziwa kuti chibakera cha m'nthiti chili ndi kaphokoso kake kamene kamakupweteka iwe woonera. Ine ndinapitako kawiri, ndinaona kuti mtima wanga ndi wochepa. Amene mumazikonda, pitani, simudzanong'oneza bondo.

(KULIRA KWA KHERERE, KENAKA MAWU A ANA AKUSEWERA)

WOULUTSA: Wina ali ku Chitipa kapena ku Makanjira akuti, "Inu a wailesi mukukamba za m'tauni, ife stediyamu tiipeza kuti?" Achimwene, bwalo limene ine ndimalikonda kuposa onse lilibe chipata. Ndi la kuseri kwa sukulu ya pulayimale, lotsetsereka mbali imodzi, moti timu imene yawina posankha mbali imasankha kutsetsereka m'chigawo chachiwiri, miyendo ikatopa. Mizere ndi ya phulusa. Magolo ndi a bulugamu, mtanda wapamwamba wopindika pakati. Ukonde palibe, ndiye chigoli chilichonse cha m'mbali chimayamba chakhala mlandu. Njira ya kuchigayo imadutsa pakona, ndipo mayi wosenza thumba sadikira kuti mpira utuluke, amadutsa basi, masewera ndiwo amudikire. Mbuzi nazo zili ndi ufulu wake.

Pabwalo lotere mzere wa m'mbali ndi anthu. Mpira ukapita uko, mzerewo umalowa mkati kuti uone bwino, ndipo pamakhala mkulu wina wa kamtengo amene ntchito yake ndi kubweza ana. Chigoli chikalowa, bwalo lonse limadzaza: ana akuchita chidulemutu, atsikana akuvina mozungulira, amayi akupukuta wogoletsa ndi chitenje, fumbi kobo. Woyimbira, amene nthawi zambiri ndi mphunzitsi wa pasukulupo, amaima n'kudikira kuti mtima wa mudzi utsike. Ndipo aliyense amadziwa aliyense. Wina akaphonya, sanena nambala ya malaya ake, amatchula dzina la agogo ake.

Musapeputse mpira umenewu. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, ndipo anayambira pa mabwalo otere, kulimbana ndi anyamata. Lero Tabitha wasewera m'matimu akuluakulu a ku Italy ndi France, Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America atavala malaya a Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Ndi Temwa yemweyo amene anatsogolera ma Scorchers potenga chikho cha COSAFA mu 2023, atagonjetsa Zambia 2-1 mu ndime yomaliza. Alipo anthu ku Rumphi amene anawaona atsikanawa akuthamangitsa chikulunga opanda nsapato, ndipo sanalipire ngakhale tambala.

Apa ndiponyeko mwala pang'ono kwa anyamata anga a m'mavidiyo sho. Loweruka masana mwadzazana m'kachisakasa kamdima, thukuta kamukamu, mukukangana za Arsenal ndi Manchester United mpaka kugwirana malaya, pamene kuseri kwa chisakasacho timu ya m'dera lanu ikusewera pamaso pa ana ndi agalu. Sindikuti musiye, inenso ndili nayo timu yanga ya kunjako imene imandidwalitsa mutu. Koma ku London sakudziwani. Mnyamata wa nambala 9 wa m'mudzi mwanu amakudziwani, ndipo mukamutchula dzina amatembenuka.

(NYIMBO YODEKHA, MWACHIDULE)

WOULUTSA: Tsopano tikhale pansi pang'ono, pakuti pali mbali ina imene sindingailumphe. Pa 6 July 2017, tsiku lokumbukira ufulu wathu, anthu anakhamukira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, bwalo limene linali litangotsegulidwa chaka chomwecho, lokwana anthu oposa 40,000. Kunali koti kuseweredwe mpira wa Bullets ndi Silver Strikers, kulowa kwaulere. Pachipata panachitika kupondana, ndipo anthu 8 anamwalira, 7 mwa iwo ana. Anachoka kunyumba m'mawa atasamba, akusangalala kuti akaona mpira.

Khamu la anthu likapanikizana limakhala ngati madzi osefukira, silimva kuti kutsogolo kwatsekeka. Akumbuyo amakankha chifukwa sakuona, akutsogolo alibe kolowera, ndipo woyamba kusowa mpweya ndi wamfupi. Choncho inu amene mukutenga mwana, ndikupempheni. Fikani msanga, dzuwa lisanapendeke, pamene pachipata pali mzere osati chigulu. Mukapeza anthu aunjikana ndipo chipata n'chotseka, imani patali, musalowe pakati poganiza kuti muli ndi mphamvu. Mukaona kuti mapewa anu akhudzana ndi anthu mbali zonse ndipo simungathe kukweza dzanja, yambani kutuluka cham'mbali nthawi yomweyo, manja ali pachifuwa kuti nthiti zipeze popumira. Mwana wamng'ono munyamuleni. Chinthu chikagwa pansi, kaya ndi foni kaya ndi nsapato, chisiyeni. Mukalowa, yang'anani kumene mungatulukire zinthu zitavuta, ndipo mugwirizane ndi mwanayo malo okumanirana mukasochererana. Muthanso kumulembera nambala ya foni pakapepala n'kumuika m'thumba. Masewera akatha musathamangire kuchipata. Khalani kaye, mutsirize mtedza wanu, bwalo lipungule.

Ndipo za miyala ndi mabotolo. Woyimbira akhoza kulakwitsa, ndi munthu, ndipo amaweruza kamodzi kokha popanda kubwereza chithunzi. Koma mwala umene mwaponya sufika kwa iye. Umagwera mwana wa mnzanu amene wakhala kumunsi, umaitana utsi wokhetsa misozi, ndipo utsi ukabwera anthu amathamangira chipata chimodzi. Pamapeto pake chindapusa amalipira ndi timu yanu yomweyo imene mukuti mukuikonda, mwinanso kulandidwa mapointi kapena kusewera bwalo lili lopanda anthu.

Zina ndi zing'onozing'ono. Tengani chipewa ndi madzi akumwa. Nyengo ya chiperoni tengani juzi, pakuti simenti imene imaotcha mu October imazizira ngati mwala wa kumtsinje mu June. Foni ndi ndalama zikhale m'thumba lakutsogolo. Ine ndinaphunzira mowawa: pabwalo lina, chigoli chitalowa, munthu wina anandikumbatira mwachikondi kwambiri, ine n'kumati koma sapota mnzanga uyu ndiye wamoto. Pofika pokwerera minibasi, chikwama mulibe. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, timu yanga itawina, ine nditaluza. Tikiti gulani pamalo oyenera, ndipo muonetsetse kuti yang'ambidwa pamaso panu. Uja amene amakuitanirani pambali kuti mumupatse theka akulowetseni akudya ndalama imene ikanagula nsapato za wosewera amene mwabwera kudzamuona.

Ndipo abambo a ku Biafra ndi anzanu a mabwalo ena onse, pakamwa. Amalume anga ankanditseka makutu ndi manja awo nyimbo zina zikayamba. Masiku ano amayi ndi atsikana akubwera ambiri kudzaonera, ena ndi makanda kumsana. Nyimbo yonyoza timu ina ilibe vuto, ndiyo ndiwo ya masewera, ndipo ena mwa inu mumapeka zoseketsa moti ngakhale wonyozedwayo amaseka. Koma ija yotchula ziwalo ija, taganizani kuti apongozi anu akhala mzere wachitatu kumbuyo kwanu.

(NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE PANSIPANSI)

WOULUTSA: Nthawi yandithera, wondithandiza kuseri kwa galasi akundiloza wotchi. Ndikusiyireni ntchito ya kunyumba, yomwe ija anandipatsa amalume. Loweruka kapena Lamulungu likubwerali, pitani pabwalo lililonse limene lili pafupi nanu, kaya ndi Karonga Stadium, kaya Mulanje Park, kaya kuseri kwa sukulu. Ngati ndi mpira wamiyendo, sankhani wa nambala 6, uja amakhala kutsogolo kwa otseka kumbuyo. Ngati ndi ntchemberembaye, sankhani wa zilembo GD. Mumuyang'ane iye yekha kwa mphindi 10, mpira upite kumene ukupita. Muwerenge kuti watembenuza khosi kangati kuona kumbuyo, waloza ndi chala kangati, wathamanga kangati popanda womupatsa mpira. Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzatsegula mafoni, mudzandiuze zimene munaona. Kawailesi mutha kupita nako, agogo aja sanalakwe, koma mabatire mugule anu.

Tsalani bwino.

(NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO)